Nambala, COF ndi bulubuku: mafunso amene eni galimoto a ku Mchinji amafunsa kawirikawiri

Kuno ku Mchinji nkhani za mapepala a galimoto zimakambidwa kwambiri pa siteji kuposa ku ofesi. Uyu anena zake, uyo zakenso, mapeto ake munthu amalawirira ku Lilongwe n'kukabwezedwa chifukwa cha pepala limodzi lomwe walisiya m'kabati. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndakhala ndikufunsidwa mobwerezabwereza ndi eni masienta a pa boma, anyamata a kabaza a pa Kamwendo ndi pa Mkanda, komanso alimi amene agula kagalimoto atagulitsa soya kapena mtedza. Mitengo ndaisiya dala. Boma limaisintha polengeza mu Gazette, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene mnzanu analipira si imene muyenera kunyamula inu.

Kodi nambala ya galimoto imatha ntchito? Ndikumva kuti tizikaikonzetsa chaka ndi chaka.

Ayi. Chitsulo chimene chili kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto chilibe tsiku lothera. Galimoto ikalembetsedwa, nambalayo ndi yake mpaka mwini atapempha yekha kuti isinthidwe kapena galimoto itafufutidwa m'kaundula. Zimene zimatha ndi mapepala oyendera limodzi ndi nambalayo: COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto inayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshulansi, laisensi ya dalaivala, ndiponso chilolezo chonyamulira anthu kapena katundu kwa amene ali pa bizinesi. Anthu akamati "ndikukakonzetsa nambala", ambiri amakhala akunena COF.

Nanga chimene chasintha n'chiyani, poti kale sitinkavutika chonchi?

Chachikulu ndi kompyuta. Nthambi yoona zapamsewu, Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti a Road Traffic, inakhazikitsa mu 2015 kaundula watsopano wa MalTIS amene amasunga chithunzi ndi zidindo za zala za mwini galimoto ndi dalaivala aliyense. Kale bulubuku, chikalata cha umwini wa galimoto, inali pepala basi, amene wainyamula ankaoneka ngati mwini. Lero mwini ndi amene dzina ndi zala zake zili mu kompyuta, ngakhale galimotoyo anaigulitsa zaka 6 zapitazo ndipo anaiiwala.

Zina zinabwera pambuyo pake. Ndalama zimalipiridwa ku banki, osati m'manja mwa kalaliki. Kuyeza galimoto sikuchitikira kwa a Road Traffic okha, kulinso malo a makampani amene anapatsidwa chilolezo choyeza. Chitupa cha unzika, chimene a NRB, nthambi yolembera nzika, analembera anthu m'dziko lonse mu 2017, ndicho chimene amafunsa poyamba. Dziwaninso kuti boma likafuna kutolera kanthu kwa eni galimoto limakonda kudikirira pa khomo la COF, poti aliyense amadutsa pamenepo: mu 2019 linayambitsa msonkho wa carbon, ndipo anthu anayamba kuulipira pokonzetsa COF molingana ndi kukula kwa injini.

Traffic Register Card n'chiyani, ndipo ndi yosiyana bwanji ndi laisensi?

Ndi khadi losonyeza kuti inuyo muli mu MalTIS. Limakhala ndi nambala yanu ngati munthu, osati ya galimoto. Sililoleza kuyendetsa chilichonse. Agogo amene sanagwirepo chiwongolero koma akufuna galimoto ilembedwe m'dzina lawo ayenera kukhala nalo. Khadili sungatumire munthu, pafunika nkhope yanu ndi zala zanu.

COF imakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo ndinyamule chiyani popita?

Galimoto yoyendera mwini ndi banja lake imapatsidwa miyezi 12. Yonyamula anthu molipiritsa, monga minibasi ndi taxi, imayezedwa miyezi 6 iliyonse. Tsiku lothera lalembedwa pa disiki imene mumamata pa galasi lakutsogolo, ndipo disikiyo iyenera kuoneka bwino kwa munthu amene waima panja.

Nyamulani bulubuku, COF yakale, inshulansi yosatha, Traffic Register Card ndi chitupa cha unzika. Galimotonso ipite, kuyeza sachitira pa foni. Kwa ife ambiri ulendo wake ndi wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12. Ndimalangiza kupita kutatsala sabata ziwiri kapena zitatu. Netiweki ya kompyuta imagwa, ndipo ikagwa palibe amene angakuthandizeni ngakhale mutamudziwa bwanji. Munthu wa ku Area 25 akabwezedwa amangobwerera kunyumba kukadya nsima, koma wa ku Kapiri kapena ku Mkanda wataya mafuta a tsiku lonse.

Amayang'ana chiyani poyeza? Galimoto yanga imayenda bwinobwino.

Kuyenda ndi kwina, kupambana mayeso ndi kwinanso. Amaona mabuleki onse pamodzi ndi handibuleki, chiwongolero ngati chikusewera, mateyala ngati adakali ndi mano, nyali zonse, ma indiketa, hutala, mawaipa, malamba, galasi lakutsogolo ngati lilibe mng'alu woopsa, ndi utsi. Amaonanso timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo. Matrayango awiri, chozimitsira moto ndi teyala lapadera musazisiye, poti ngakhale pa rodibuloko amazifunsa.

Galimoto zakuno zimagwera malo amodzimodzi: kunsi. Misewu ya fumbi yopita m'midzi, kuphatikizapo matumba a chimanga amene timakweza m'galimoto yopangidwira anthu 7, zimamaliza mashoko, mabushi ndi ma ball joint msanga. Dalaivala amazolowera kugogoda kwake moti salinso kukumva. Musanapite, uzani makaniko wanu aikweze pa jeke aigwedeze teyala lililonse.

Chomaliza, chimene ambiri sachiganizira: woyeza amafananiza nambala ya chesisi ndi ya injini ndi zimene zili mu bulubuku. Ngati munasinthapo injini, werengani funso lake m'munsimu musananyamuke.

Ndinagula galimoto, wogulitsa anandipatsa bulubuku ndi kalata yogulitsirana. Si zokwanira?

Apa ndiye pamene pagona nkhani yonse, ndipo mwa anthu amene amabwera kwa ine atathedwa nzeru, ambiri vuto lawo linayambira pano. Kalata yosainirana pamaso pa mboni, kaya pamaso pa amfumu, imasonyeza kuti munapereka ndalama. Siisintha dzina mu kompyuta. Kuti umwini usinthe, wogulitsa ndi wogula onse awiri amayenera kukaonekera kwa a Road Traffic ndi kuika zala, galimoto itayamba yaonedwa ndi apolisi kuti si yobedwa. Mukatero mumalandira bulubuku ya dzina lanu.

Anthu amazengereza chifukwa palibe chimene chimapweteka tsiku loyamba. Galimoto ikuyenda, a traffic akaimitsa amangoona disiki n'kukuuzani pitani. Mavuto amadza tsiku limene mukufuna kuigulitsa, kuitulutsa pa boda ya Mwami, kuiika chikole pa ngongole, kapena ikachita ngozi ndipo a inshulansi akufuna kulankhula ndi mwini wake. Pamenepo ndi pamene mumayamba kusaka munthu amene munakumana naye kamodzi kokha pa malo ogulitsira galimoto ku Lilongwe, nambala yake ya foni inasiya kale kugwira. Nthawi zina galimoto imakhala yadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, bulubuku idakali ya woyamba, ndipo woyambayo ali ku Joni.

Wogulitsa nayenso asamaone ngati zake zatha. Galimoto ikagunda munthu n'kuthawa, kapena ikagwidwa ndi katundu wozembetsa, apolisi amayambira pa khomo la amene ali mu kompyuta.

Nzeru yake ndi yakuti musamalize kulipira. Gwirizanani kuti gawo lomaliza la ndalama liperekedwa tsiku limene nonse mwaika zala. Wogulitsa amene akukana zimenezi, kapena akuti "bulubuku ikubwera, ili ndi achimwene", mufunseni bwino chifukwa chake. Safunsa anadya phula.

Nanga ngati mwini wakale anamwalira?

Galimoto imakhala gawo la chuma chamasiye, ndipo lamulo loyendetsa zimenezi ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011. Amene angasainire kusintha umwini ndi yekhayo amene ali ndi makalata omupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Yambirani ku ofesi ya DC pa boma, adzakulozerani ngati nkhaniyo ikuthera pomwepo kapena ikufunika kwa Administrator General kapena ku khoti. Musagule galimoto ya malemu kwa mwana mmodzi kapena mlamu chifukwa choti ndi amene akusunga makiyi. Abale ena akadzadzuka, ndalama zanu simudzazionanso.

Galimoto yanga ili ndi nambala ya BT koma ndimakhala ku Waliranji. Ndisinthe ikhale MC?

Palibe chokukakamizani. MC ndi Mchinji, KU ndi Kasungu, DA ndi Dowa, LL ndi Lilongwe, koma zilembozi siziletsa galimoto kukhala kapena kuyenda kulikonse m'Malawi. Amene akufuna MC chifukwa chokonda kwawo akhoza kupempha nambala yatsopano n'kulipira, monga amachitira ofuna nambala ya dzina lawo. Ine ndalama imeneyo ndingagulire mateyala.

Sienta yanga ili ndi nambala yachikasu. Ndingamanyamule anthu apo ndi apo?

Mwalamulo, ayi. Nambala yachikasu ya zilembo zakuda ndi ya galimoto yoyendera mwini. Yonyamula anthu kapena katundu molipiritsa imakhala ndi nambala yoyera ya zilembo zofiira, chilolezo cha bizinesiyo chimene chimatchedwa Road Service Permit, COF ya miyezi 6, ndi inshulansi yoteteza okwera. Dalaivala wake, kuwonjezera pa laisensi, amafunika chiphaso cha oyendetsa galimoto za ntchito, PrDP, chokhala ndi chilembo P cha onyamula anthu. Cha onyamula katundu ndi G.

Tonse tikudziwa kuti pakati pa boma ndi boda, kapena pa M18 kuchokera pa Kamwendo kulowera ku Kapiri, masienta a nambala yachikasu ndi ochuluka, ndipo okwera amaphunzitsidwa kuyankha kuti "ndife abale, tikupita ku maliro". Sindikuwaweruza, ndalama zosinthira n'zambiri ndipo mafuta akwera. Koma amene amaika galimoto yake pa matola adziwe chimene akubetcha. Chindapusa cha pa rodibuloko n'chaching'ono poyerekeza ndi zimene zafotokozedwa m'funso lotsatirali.

Inshulansi ndimalipira chaka chilichonse koma sindinapindulepo. Ntchito yake n'chiyani?

Imene lamulo la Road Traffic Act la 1997 limakakamiza ndi ya third party. Imeneyi si yanu, ndi ya munthu amene mungamuvulaze kapena kumuwonongera katundu: wa njinga amene mwamugunda pa Tembwe, mwini galimoto imene mwaiphwanya kumbuyo. Galimoto yanu siikonza. Yokonza yanunso ndi ya comprehensive, ndipo mtengo wake umatengera mtengo wa galimoto.

Third party ili ndi malire a ndalama zimene kampani ingapereke, ndipo khoti likagamula zoposa pamenepo, zotsalazo zimachokera m'thumba la mwini ndi dalaivala. Kampani imathanso kukana kapena kudzakutsatani kuti mubweze ngati galimoto inkagwira ntchito yosiyana ndi imene munalembetsa, ngati dalaivala analibe laisensi yoyenera, kapena ngati munali anthu opitirira muyeso. Ganizirani Sienta ya nambala yachikasu imene yagubuduzika ili ndi anthu 11, aliyense atalipira. Mwini wake amagulitsa munda.

Gulani inshulansi ku kampani kapena kwa wothandizira wovomerezeka, ndipo musachoke ndi disiki yokha, tengani lisiti ndi pepala la mgwirizano. Makampaniwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndiye kuli kokadandaula akakuzembani.

Njinga yanga yamoto ndinaigula ku Chipata, ilibe nambala. Ndiyambire pati?

Yambirani kwa a MRA, otolera misonkho, osati kwa a Road Traffic. Njinga yamoto pamaso pa lamulo ndi galimoto: imafunika nambala, COF, inshulansi, ndi woyendetsa wokhala ndi laisensi. Ya injini yosapitirira 125cc imafuna laisensi ya A1, yoposa apo ya A. Koma palibe chimene chingalembetsedwe popanda umboni woti msonkho wolowera m'dziko unaperekedwa. Njinga zambiri za kabaza kuno zinalowera njira zachidule za m'malire, ndipo n'chifukwa chake eni ake amakakamira pa sitepe yoyamba.

Pitani ku ofesi ya MRA pa boda ndi lisiti yogulira, muombole njinga, mulandire pepala la kasitomu. Kenako apolisi aione kuti si yobedwa, poti njinga zobedwa mbali ino zimagulitsidwa mbali inayo, ndi za uko kubwera kuno. Zikatha izi ndi pamene mupita kukalembetsa. Ngati lisiti mulibe chifukwa munagula kwa mnzanu, amene nayenso anagula kwa mnzake, pitani ndi amene anakugulitsaniyo kupolisi mukalembetse mawu musanawononge ndalama pa china chilichonse.

Nambala imathandizanso mwini. Njinga yopanda nambala ikabedwa, mukauza apolisi chiyani, kuti ndi yofiira? Zofiira zilipo mazana pa Kamwendo pokha. Zipewa ziwiri, chanu ndi cha kasitomala, musaziiwale.

Mlamu wanga wa ku Zambia wandisiyira galimoto ya nambala yakwawo. Ndingamayendere kuno?

Galimoto yakunja imalowa ndi chilolezo cha kanthawi cha a MRA, chimene timati TIP. Chimaperekedwa kwa mlendo, chili ndi tsiku lothera, ndipo galimoto iyenera kutuluka tsikulo lisanakwane kapena chilolezo chiwonjezeredwe. Si njira yokhalira ndi galimoto osalipira msonkho, ndipo kuigulitsa, kuibwereketsa kapena kuiika pa matola ili pa TIP kungachititse kuti ilandidwe. Ngati yabwera kudzakhala, iomboledwe ndi kulembetsedwa monga zafotokozedwa pa funso la njinga yamoto. Chimodzimodzi galimoto ya IT yochokera ku Dar es Salaam: nambala imeneyo ndi yapaulendo chabe.

Ndikufuna kupita ku Chipata pa galimoto yanga ya Malawi. Mapepala ake ndi ati?

Bulubuku yeniyeni, COF yosatha, laisensi, pepala la apolisi losonyeza kuti galimoto ikutuluka mwachilungamo, ndi inshulansi yogwira ntchito ku Zambia. Disiki yanu ya inshulansi ya kuno imathera pa boda. Amene amawoloka pafupipafupi amagula Yellow Card ya COMESA ku kampani yawo ya inshulansi asananyamuke, enawo amagula inshulansi ya masiku ochepa mbali ya Zambia. Kumeneko mudzalipiranso misonkho yawo ya msewu ndi kulandira chilolezo cha kanthawi. Ngati dzina la mu bulubuku si lanu, pafunika kalata ya mwini yokulolezani, ndipo apa ndi pamene amene sanasinthe umwini amabwerera.

Chitsegulireni nyumba yatsopano ya boda mu Disembala 2022, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anakumana pa Mwami, maofesi a mayiko onse awiri amathandizira malo amodzi, ndiye simuimanso kawiri. Kuchokera pa boma kukafika pamenepo ndi makilomita 12 okha, koma pepala likasowa, kufupika kwa njira sikuthandiza.

Nambala imodzi inagwa m'matope, ndingalembetse ina kwa ojambula zikwangwani?

Musatero. Kaneneni kupolisi mutenge lipoti, poti nambala yotayika ikhoza kumatidwa pa galimoto ina yokachitira zoipa. Ndi lipotilo pamodzi ndi bulubuku, kadinditseni ina kwa amene ali ndi chilolezo chodinda manambala. Yolemba ndi penti, ya zilembo zopendeketsa, kapena yophimba ndi pulasitiki yakuda ndi mlandu pawokha.

Ndinasintha injini, ndipo galimoto ndinaipaka mtundu wina. Zili ndi kanthu?

Zili nako. Nambala ya injini ndi mtundu wa galimoto zalembedwa mu bulubuku, ndipo zikasiyana ndi zimene woyeza akuona, COF siituluka. Sungani lisiti ya injini, ndipo ngati inachokera kunja, pepala la kasitomu. Apolisi aione, kenako a Road Traffic akonze mu kompyuta. Injini yogula kwa munthu amene akuti lisiti palibe koma mtengo ndi wabwino, isiyeni.

Bwanji ndingopatsa dobadoba andiyendetsere zonse?

Madobadoba mudzawapeza pa geti musanatsike n'komwe m'galimoto, ndipo munthu wochokera kutali amamudziwira pa fumbi. Ena amangokulozerani windo loyenera n'kupempha ya fanta. Ena amalonjeza COF galimoto ili pa mawe kunyumba. Oterewa ndi amene amabweretsa madisiki osindikiza pa kompyuta yawo, ooneka bwino koma osapezeka mu MalTIS, ndipo tsiku logwidwa womangidwa ndi amene akuyendetsa.

Mnzanga wina wa lole yonyamula fodya kupita ku Chinkhoma anayenda ndi disiki yotere miyezi 5 osadziwa. Anazindikira atapita yekha kukakonzetsa, pamene anauzidwa kuti mu kompyuta COF yake inatha kalekale. Dobadoba uja anali atasintha kale nambala ya foni.

Ngati mwatuma munthu, ndalama za boma mulipire nokha ku banki ndipo lisiti ikhale m'thumba mwanu. Wogwira ntchito m'boma akakupemphani kangachepe kuti pepala lituluke, kokanena ndi ku Anti-Corruption Bureau.

A traffic andigwira COF itatha dzulo lokha. Palibe masiku okhululuka?

Musawerengere zimenezo. Disiki ikatha, yatha, ndipo wapolisi ali ndi mphamvu yokulipiritsani ngakhale kuimitsa galimoto. Mukalipira chindapusa, landirani lisiti ya boma, GR, ndipo onani kuti ndalama yalembedwapo ndi imene mwapereka. Lisitiyo si COF: ikusonyeza kuti mwalipira mlandu wa lero, siikuloleza kuyenda mwezi wonse. Ngati mukuona kuti simunalakwe, muli ndi ufulu wokana kulipira pamsewu kuti nkhani ikaweruzidwe ku khoti.

Galimoto yakhala pa mawe chaka chathunthu. Ndikaitulutsa nditani?

Galimoto yoima pakhomo siilakwira lamulo, mlandu umayamba teyala likaponda msewu wa boma. Yambani ndi inshulansi, poti imeneyo mutha kugula galimoto isanasunthe. Kenako funsani a Road Traffic za chilolezo cha masiku ochepa choyendera kupita koyezetsa, kuti musakhale ndi chofotokoza pa rodibuloko iliyonse ya pa M12. Ndipo muone mateyala. Teyala limene lakhala padzuwa chaka chonse limaoneka la mano, koma m'mbali limakhala litang'ambika timing'alu, ndipo limaphulika likatentha, nthawi zambiri musanafike n'komwe pa Namitete.